Nkhope Yanga pa Thabwa la Amalume

Linali galasi la zenera, limodzi mwa magalasi ataliatali aja otsegula ndi kachitsulo. Linali lothyoka kungodya, ndipo amalume anakulungapo kasanza kuti lisawacheke chala. Pagalasi limenelo ndi pamene ankasakanizira penti. M'mphepete mwake munali timilu ta penti wouma, wofiira pamwamba pa wachikasu, wachikasu pamwamba pa wobiriwira, moti ukakanda ndi chikhadabo unkapeza mitundu ya masabata apitawo. Pakati pokha ndi pamene pankakhala poyera, chifukwa akamaliza ntchito ankapalapo ndi lumo. Mpaka lero ndikamva fungo la parafini sindikumbuka nyali ayi, ndimakumbuka maburashi a amalume ataviikidwa m'kachitini pambali pa galasi limenelo.

Amalume, mlongo wawo wamkulu wa amayi, anabwera kudzakhala nafe ku Kalingalinga mvula itangoyamba, ine ndili m'giredi faifi. Kale ankagwira ntchito kufakitale ya zitenje, kumene ankajambula maluwa ndi kusankha mitundu yoika pansalu. Koma zaka zimenezo katundu wakunja anayamba kulowa mwaufulu, salaula, zovala zakale zochokera kunja, inadzaza misika, ndipo fakitale inatseka zipata. Pafupifupi khomo lililonse m'komboni mwathu linali ndi munthu wa nkhani yotereyi. Amayi anasesa kachipinda kakuseri komwe tinkasungamo makala, n'kuwapatsa. Kuti apeze chakudya, amalume ankalemba zikwangwani za magolosale ndi kujambula mitu yometedwa bwino pamakoma a malo ometera. Zimenezo ankazichita mwachangu, akuimba mluzu, ndipo sankazitcha ntchito.

Atate anali dalaivala wa lole. Chaka chimenecho kubwera kwawo kunachepa kwambiri, ngakhale anthu ankati aiona lole yawo itaima ku Matero, komboni ina ya m'tauni momwemo. Amayi ankagulitsa sopo ndi mafuta odzola pamsika wa Kaunda Square, ndipo katundu amene ankayenda kwambiri patebulo pawo anali mafuta oyeretsa khungu, amene anali atangobwera kumene ambirimbiri m'timachubu tokongola. Nawonso amayi anali atayamba kudzola. Nkhope yawo inawala ngati mango akupsa, koma mfundo za zala zinatsala zakuda, ndipo ankayenda ndi ambulera ngakhale kulibe mvula chifukwa dzuwa linkawawawa m'masaya. Ine ndinkaona kuti akongola kwabasi.

Ineyo ndinali wakuda kuposa aliyense m'kalasi mwathu. Anzanga ankanditcha Malasha, ndiye kuti makala m'chinyanja cha m'tauni. Ndinali nditazolowera, mpaka tsiku limene aphunzitsi a Sande sukulu ankagawa mbali za sewero la Khirisimasi. Ndinali ndi mawu abwino ndipo ndinkadziwa nyimbo zonse za angelo. Aphunzitsi anandiyang'ana, n'kuyang'ana mnzanga amene anali pambali panga, ndipo anati, "Bangelo bafunika bowala. Iwe uzankhala m'busa." Sanalankhule mwankhanza. Ndikukhulupirira kuti pofika madzulo anali ataiwala, ndipo mwina n'chifukwa chake mawuwo anandilowa chotero.

Sabata yomweyo sukulu inatsekera, ndipo amalume anandiitana kuchipinda kwawo. Anali atapeza thabwa losalala kwa akalipentala a pamsewu, atalipaka zoyera. Anandikhazika pandowa yovundikira pafupi ndi khomo, pomwe kuwala kunkalowera.

"Ba malume," ndinatero, "munipangeko oyera pang'ono."

"Nikakupanga oyera ndiye kuti najambula mwana wa bene," anayankha. "Nkhala chabe zii."

Maonekedwe a nkhope anawamaliza m'mawa umodzi wokha ndi kachidutswa ka khala. Ndinaganiza kuti mawa lake tithana nazo. Koma tsiku lachiwiri anasakaniza penti wa bulauni ndi wakuda, n'kupaka patsaya, ndipo zinatuluka ngati matope a mumsewu wathu galimoto ikadutsa. Anayang'ana thabwa, anayang'ana ine, kenako anapala zonse. Chubu cha penti wakuda anachiponya m'katoni ya nsapato pansi pa bedi. "Uyu penti ni wabodza," anatero. "Kulibe munthu wamene aoneka so." Sanachitulutsenso nyengo yonseyo.

Kuyambira pamenepo ntchito yawo inali yofunafuna. Anayamba ndi kupaka nkhope yonse penti wofiira, moti ndinalira poona kuti andisandutsa chiwanda, koma iwo anati magazi ali mkati, khungu lili pamwamba, ndiye tiyambe ndi magazi. Utauma, anayamba kuikapo mitundu ina mopyapyala, wina pamwamba pa unzake. Mdima ankaupeza posakaniza buluu ndi wofiira wonga njerwa. Penti wa m'machubu anali wochepa, choncho ankapera chidutswa cha njerwa pamwala wamphero mpaka chikhale ufa, ankakanda dzimbiri pazitsulo zotayidwa ndi owotcherera, n'kusakaniza ndi mafuta ena ake onunkha ngati nsomba. Mtundu uliwonse ankauyesa kaye pakathabwa kakang'ono ngati bokosi la machesi, n'kukagundika patsaya langa, akutsinzina diso limodzi. Kakawasangalatsa ankakakhomera pakhoma.

Khoma linayamba kudzaza. Panali timatabwa tofiirira ngati nyemba, tina tonga mabiringanya, tina tokhala ndi kubiriwira kobisika ngati botolo la mowa ukaliyang'anitsa padzuwa. "Aka ni mphumi yako kuseni, dzuwa likangotuluka," ankatero akuloza. "Aka ni pansi pa chibwano. Aka ni pamene wakalipa." Ine sindinkakhulupirira. Pagalasi la amayi ndinkaona mtundu umodzi wokha, ndipo dzina lake ndinkalidziwa.

Mvula ndiyo inkatilamulira. Mtambo ukaphimba dzuwa, amalume ankaika burashi pansi, chifukwa nkhope imene anayamba nayo inali itachoka, pabwera ina. Tinkangokhala kumvetsera madontho pamalata, madzi akusefukira m'ngalande, ndi makina owotcherera zitsulo akulira kwa aneba. Nthawi zina ankanditumiza kukaima panja pa mtengo wa mapeyala, iwo n'kumandiyang'ana ali pakhomo, osajambula kanthu. Msana unkandipweteka, ndowa inkandidinda mzere m'ntchafu, ndipo ndinkamva anzanga akusewera waida, masewera odumpha chingwe, kunja. Komabe m'mawa uliwonse ndinkapita ndekha osaitanidwa. Tsopano ndikudziwa chifukwa chake. Panalibe munthu amene anandiyang'anapo nthawi yaitali chotero popanda kuseka kapena kundimvera chisoni.

Amayi ankabwera kuchokera kumsika atatopa, n'kusuzumira pakhomo. "Masiku onse aya nkhope imodzi?" ankatero. "Kumabarbershop mujambula mitu isanu dzuwa lisanalowe." Amalume ankangoseka. Amayi sankalowa m'chipindamo, ndipo timatabwa tapakhoma sankatiyang'ana.

Khirisimasi itayandikira, tinayamba kuyeserera sewero masana alionse. Angelo anapatsidwa nsalu zoyera ndi mapiko a makatoni, ife abusa tinauzidwa kubwera ndi mabulangete. Tsiku lina amayi akudzola atasamba, ndinawapempha kuti andipakeko. Anakana. Ndinapemphanso mawa lake, ndi mkuja wake, mpaka ndinawauza zimene aphunzitsi ananena. Anatsegulanso chubu. Kenako anafinyira pang'ono pachala, n'kundipaka m'masaya mofatsa, monga ankachitira ndikadwala. "Pang'ono chabe," anatero. "Usauze munthu." Mafutawo ankanunkha ngati mankhwala ochapira, ndipo ankayabwa. Ndinapirira mokondwa. Ndakhala ndikufuna kuwaweruza amayi pa zimenezi, makamaka nditabereka anga ana, koma ndikakumbukira mmene chala chawo chinkandipakira mofatsa ndimalephera. Anandipatsa chimene iwo ankakhulupirira kuti chikuwathandiza.

Sipanapite masiku ambiri amalume asanazindikire. Anachotsa kathabwa pakhoma, n'kukagundika patsaya langa monga mwa masiku onse. Anakabweza, n'kutenga kena. Kenako anandigwira chibwano, n'kutembenuzira nkhope yanga kukhomo.

"Wazola chani?"

 Anapukuta manja pang'onopang'ono, n'kutuluka kupita kumene amayi ankachapa. Ndinali ndisanawamvepo amalume akukweza mawu. Zambiri sindikuzikumbuka, koma ziwiri zinakhala. Amalume anati, "Alongo, imwe na ine tinabadwa na nkhanda imodzi, khungu la bamayi bathu. Yanu mwaisiliza, manje mufuna na ya mwana?" Ndipo amayi, manja ali ndi thovu, anayankha motsitsa, "Imwe ndimwe bamuna. Kulibe anakusiyani chifukwa cha nkhanda."  Amalume anabwerera m'chipinda, natembenuzira thabwa lija kukhoma, n'kundiuza kuti ndipite ndikasewere.

Masaya anga anatuluka tizilonda, kenako anayamba kusupuka. Amayi anasiya kundipaka popanda wina kuwauzanso, ndipo ankandisambitsa kumaso ndi madzi ofunda okha. Iwo eni sanasiye. Pa Khirisimasi ndinali m'busa wa masaya a mathothomathotho, nditafunda bulangete lonunkha utsi, ndipo angelo ataiwala ndime yachiwiri ya nyimbo ndinaimba ndekha kuchokera kumene ndinagwada.

Amalume anakhala masiku angapo akungolemba zikwangwani. Ine ndinkadutsa pakhomo pawo mwadala, koma sankandiitana. Chaka chatsopano chitalowa, khungu litapola, anatembenuzanso thabwa. M'masaya munali mudakali moyererako, choncho sanayang'ane masaya anga. Anatsitsa timatabwa tawo pakhoma, n'kutindandalika pabedi, ndipo masaya anawajambula kuchokera pamenepo. Zina zonse anazitenga pa ine: buluu wapamphumi pamene thambo linkagwera, kufiira kwa m'mphepete mwa khutu dzuwa likalowera kumbuyo, kubiriwira kwa pansi pa chibwano kochokera ku diresi langa. Ukayandikira unkangoona timabala ta mitundu yosagwirizana. Ukabwerera m'mbuyo mpaka pakhomo, timabalato tinkagwirana n'kukhala munthu wopuma.

Atanena kuti chithunzi chatha, ndinachiyang'ana ndipo ndinakhumudwa. Mtsikana wapathabwayo anali wakuda ngati ine ndithu, mwinanso kuposa. Ndinali ndikuyembekeza mobisa kuti pamapeto amalume andichitira chifundo. Ndinati zikomo chifukwa ndinaphunzitsidwa kutero. Amayi anaitanidwa, ndipo kanali koyamba kulowa m'chipindamo. Anaima nthawi yaitali dzanja lili pakamwa. Sananene kuti ndi chabwino kapena choipa. Anangochinyamula okha, n'kukachiimika pamwamba pa kabati pabalaza.

Atate anabwera chakumapeto kwa Januwale, Loweruka masana, atanyamula thumba la mpunga wa ku Nakonde paphewa. Amayi anavala diresi lawo labwino, anadzola, n'kuwalandira mwaulemu ngati mlendo. Atate anakhala pampando, ine ndinawavula nsapato, ndipo akumwa tiyi maso awo anagwera pakabati. Anaika kapu pansi, n'kuimirira. Ine ndinkadikira kuti anditchule.

"Ba mulamu," anaitana amalume, akumwetulira mmene ndinali ndisanawaonere chaka chonsecho, "mwaichita bwanji iyi? Munali na chithunzi chakale? Ni amake mwana aba, ndendende. Ni mwamene benzelili pamene n'nabaona koyamba ku Katete, pa chitsime. Anyamata tonse tenze kulimbirana." Anapukusa mutu, akuyang'anabe thabwalo. "Benze bokongola, imwe."

Amalume anayang'ana pansi. Palibe amene anawakonza atate. Amayi anatola makapu, wa atate udakali ndi tiyi, n'kutuluka nawo.

Ine ndinakwiya kwambiri. Ndinali nditakhala pandowa ija nyengo yonse ya mvula, msana ukupweteka, ndipo atate anga enieni sanandizindikire. Ndinatuluka kuti ndikadandaule kwa amayi, ndipo ndinawapeza kuseri kwa nyumba atagwada pabeseni, akutsuka kapu imodzimodzi mobwerezabwereza. Kunkawaza mvula, ambulera yawo ili chitsamire pakhoma. Ndinawauza kuti si chilungamo, kuti chithunzicho ndi changa, kuti apite akawauze atate. Anandikokera pafupi ndi dzanja lonyowa, n'kuika tsaya lawo pa langa. Linali lotentha ndi lokhakhala, ndipo mapewa awo ankagwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira chifukwa chondimvera chisoni ine, ndipo ndinawauza kuti asadandaule, amalume adzandijambulanso china.