Mwezi umene ntchito ya Dilrukshi inalengezedwa

Dilrukshi Amarakoon anabwera kudzakhala kwathu ku Salisbury, dera la mumzinda wa Adelaide ku Australia, patatha chaka amuna anga a Ken atamwalira. Nyumba inali itandikulira, ndipo mwana wanga wa ku Perth anandiumiriza kuti ndichititse lendi chipinda chakumbuyo. Ine ndine wamanyazi, ndinkaopa kuti mlendo azidzafuna macheza. Mwamwayi nayenso anali wofatsa. Sabata yoyamba tinkangomwetulirana pakhomo la bafa.

Kwawo ndi ku Kurunegala, ku Sri Lanka. Bambo ake ankayendetsa basi, ndipo iye ndiye anali woyamba m'banjamo kufika ku yunivesite. Atagwira ntchito ya makompyuta ku Colombo zaka zisanu ndi ziwiri, kampani ina ya kuno ku Adelaide, yopanga mapulogalamu a m'zipatala zing'onozing'ono, inamuitana. Anasiya mwana wake wamkazi, Sanduni, kwa agogo ake, n'kumulonjeza kuti adzamutenga zinthu zikakhazikika. Zinthuzo zinali viza. Viza yake inali yomangika ku kampaniyo: ntchito ikatha, amapatsidwa miyezi yowerengeka kuti apeze kampani ina yomuimira, akalephera azibwerera kwawo.

"Anti, ine ndili ngati mbuzi ya pachingwe," anandiuza tsiku lina akuthyola mandimu kuseri kwa nyumba. "Udzu ndi wambiri, koma chingwe chili kwa abwana."

M'mawa uliwonse ankakwera sitima yopita m'tauni atanyamula mpunga ndi mphodza m'kabakuli. Tiyi ankathira m'fulasiki yobiriwira ya a Ken, imene ndinamubwereka, yolembedwa dzina lawo ndi msomali kuyambira masiku awo a kufakitale ya magalimoto. Lamlungu masana ankathandiza Sanduni masamu pa foni, akumukalipira pang'onopang'ono m'chinenero chawo.

Lamlungu lomwelo achimwene anga a Neville ankabwera kudzadya nyama ya nkhosa. Iwonso ndi a makompyuta. Anagwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi kukampani ya inshuwalansi, kenako anawachotsa. Iwo ankamutchula Dilrukshi kuti Pulofesa, ndipo ankadandaula za alendo iye ali pomwepo.

"Ntchito zathu zonse apatsa obwera. Sindikunena iweyo, Pulofesa, iwe ndiwe wathu. Ndikunena enawo."

"Enawo ndi ati, Ankolo? Tinakwera ndege imodzi tonse."

"Patse mbatata uko, usiye zandale. Ndipo usathiremo tsabola wako uja, ndikufuna ndikafike kwathu wamoyo."

M'mwezi wa Malichi a Neville anafika ndi pepala lopinda m'thumba la malaya, nkhope ikuwala. Anati apeza ntchito yolengezedwa imene ikuwakwana ngati nsapato yakale. Anayamba kuwerenga mokweza. Ine za makompyuta sindizimva, choncho ndinkangoyang'ana anthu. Ndinaona kuti milomo ya Dilrukshi ikuyenda patsogolo pa mawu a achimwene, ngati munthu wa kutchalitchi woloweza pemphero. Supuni yake inali itaima m'mwamba.

"Undithandize kulemba kalata, Pulofesa. Zamasiku ano umazidziwa ndiwe."

Anawathandiza. Anakhala nawo maola awiri, akuwauza zochotsa ndi zoika patsogolo. A Neville anachoka akuimba mluzu.

Tikutsuka mbale ndinalimba mtima n'kumufunsa kuti pepala lija analiona kuti.

"Ndinalemba ndine, Anti."

Anandifotokozera kuti viza yake inali pafupi kutha. Kuti kampani imuimirenso, lamulo limati iyambe yalengeza ntchitoyo milungu inayi, boma lione kuti wa kuno woigwira sanapezeke. Abwana ake anamupatsa iye kuti alembe chilengezocho, poti ndiye amaidziwa ntchitoyo.

"Ndiye ntchitoyo ilipo kapena palibe?"

"Ilipo. Ndi yanga."

"Nanga akuilengezeranji?"

"Kuti aone ngati pali woitenga."

"Akapezeka?"

Anapukuta mbale imene inali youma kale.

"Bwanji sunawauze achimwene?"

"Ndikawauza asiya kufunsira, ndiye kuti ndawabera. Ndikawalembera kalata yoipa ndawaberanso. Mukanatani inuyo, Anti?"

Kenako anandipempha kuti ndisawauze. Milungu imeneyo mutu wanga sunayende bwino. Kutchalitchi ndinkagwada n'kusowa choti ndipemphe. Ndikati a Neville apeze ntchito, ndinkaona kamtsikana ka pa foni kaja. Ndikati Dilrukshi akhale, ndinkaona achimwene akudzuka m'mawa, kumeta ndevu, n'kukhala pampando opanda kopita. Ndinafunsa mnzanga Glenys mozungulira, osatchula mayina, iye n'kuti, "Zimenezo ndi zamapepala chabe, palibe amalembedwa ntchito." Koma a Neville anaitanidwa kukafunsidwa mafunso. M'mawa wa tsiku la mafunsolo ndinasita malaya awo oyera ndi bulauzi ya Dilrukshi, chimodzi pambuyo pa chinzake.

Masana a tsikulo a Neville anafika kwathu tayi akadali m'khosi. Sanakhale pansi.

"Iwe Beryl, fulasiki ya Ken ikutani pa desiki ya kukampani ija?"

Anati powapititsa kuchipinda cha mafunso anadutsa pa desiki yopanda munthu. Abwana anali atauza Dilrukshi kuti akadye kunja ndipo asafulumire kubwera. Koma fulasiki inali pamenepo, pambali pa chithunzi cha Sanduni.

"Umadziwa?"

"Ndimadziwa, achimwene."

"Ndiye munandiyang'ana nonse awiri ndikuimba mluzu ngati chitsiru."

"Nanga mafunsowo munatani nawo?"

"Ndinayankha onse. Umafuna ndidzipusitse dala? Lomaliza anati ndingayambe liti. Ndinati ndiyambe ndafunsa mwini mpando."

Dilrukshi atabwera madzulo anawapeza ali pakhonde. Anaima patali, chikwama chili m'manja.

"Kalata ija unandilembera bwino, Pulofesa," anatero a Neville. "Ukanaiwononga pang'ono ndikanakumvetsa."

"Mukanadziwa, Ankolo. Inu si mwana."

"Khala pansi, ukunditopetsa m'khosi."

Patatha masiku khumi a Neville analandira uthenga wa mizere itatu wakuti sanatengedwe. Mu Juni viza ya Dilrukshi inatuluka. Ndinaphika keke ya mandimu, koma poibweretsa patebulo sindinadziwe ngati ndinene kuti zikomo kwa Mulungu kapena pepani. Ndinangoidula. A Neville anapempha kuona mapepala a kampani amene Dilrukshi anali nawo, n'kupeza mzere wakuti wa kuno woyenera ntchitoyo sanapezeke. Anauwerenga kawiri.

"Zaka zonse zija, boma lalemba kuti ine kulibe," anatero, akutenga chidutswa chachiwiri.

Mpaka lero sitidziwa ngati anakanidwa chifukwa cha yankho lija la mpando, kapena anali atakanidwa kale asanavale tayi. Dilrukshi anafunsapo abwana ake, iwo n'kuti zonse zinayenda motsatira lamulo. Ine ndimayesa kuzilongosola m'mutu, koma sizigwirizana. Ngati a Neville anali oyenera, pepalalo linanama. Ngati sanali oyenera, anawaitaniranji?

Tsopano a Neville amagulitsa misomali ndi penti m'sitolo ya zomangira, masiku atatu pa sabata. Dilrukshi akukwerabe sitima yake, ndipo Sanduni afika mu Disembala. Loweruka lapitali achimwene anabwera ndi chitini cha penti yachikasu kudzapaka kachipinda kamene ndinkasokeramo, kuti mwanayo azidzagonamo. Anapaka akudandaula kuti alendo achuluka m'dziko muno, Dilrukshi atawagwirira makwerero.

Fulasiki ija Dilrukshi anandibwezera tsiku la mafunso lomwe, atatsuka bwino, ndipo anakana kuitenganso. Inakhala m'kabati miyezi iwiri. Kenako tsiku lina ndinapeza mulibe. A Neville ndi amene amapita nayo kusitolo, ndipo sanandipemphe.