Sabata Imene Abambo Anagula

M'chitini cha mabatani cha amayi muli kachibangili kapulasitiki kachikasu, kodulidwa ndi sizasi. Kanalembedwa nambala 33, ndipo utoto wa nambalayo unayamba kale kufufutika. Mkono umene unavala kachibangili kameneka unali wanga, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Sindinawafunsepo amayi chifukwa chimene anakasungira. Ndikanakhala ine, ndikanakaponya pambaula tsiku lomwelo.

Tinkakhala ku Parklands, m'fulati yapamwamba penipeni, momwe ukatsegula windo unkamva fungo la anyezi wokazinga wa anthu a pansi. Abambo ankagwira ntchito kubungwe lina lothandiza othawa nkhondo. Amayi kwathu ku Dedza anali mphunzitsi, koma ku Nairobi pepala lawo lokhalira m'dziko linkangowadziwa ngati mkazi wa uje, wosaloledwa kugwira ntchito. Ndalama iliyonse yofika m'manja mwawo inkadzera kaye m'thumba la abambo. Ine sindinkaonapo vuto pamenepo, chifukwa chakudya chinkapezeka ndipo nsapato zanga zinali zatsopano.

Chaka cham'mbuyo mwake agogo, amayi awo a amayi, anamwalira. Uthenga unatipeza Lachiwiri, malo m'ndege anapezeka a Lachisanu, koma maliro anaikidwa Lachinayi. Abambo anati kupita pamenepo n'kungokaona mulu wa dothi, bola tidikire chiliza tidzapite tonse atatu. Amayi anavomera, ndipo lonjezo limeneli ndilo linawagwira mtima chaka chonse. Amalume, achimwene awo a amayi, anaika tsiku lovundukula chilizacho pa Loweruka lina pakati pa Ogasiti, dala, kuti ine ndikhale nditatsekera sukulu. Amayi analizinga tsikulo ndi bolopeni yofiira pakalendala ya kukhitchini. Ndalama za matikiti zinkasungidwa pang'onopang'ono.

Ndiye kunabwera Loweruka lija la mu Febuluwale, kotentha mpaka phula la pamsewu kufewa. Tili m'sitolo yaikulu, mtsikana wovala malaya achikasu anandipatsa kakhadi koti ndipale ndi chikhadabo. Ndinapala, ndinawina. Lero ndikudziwa kuti mwana aliyense amene anapala tsiku limenelo anawina, koma ine ndinakuwa mpaka alonda kutembenuka. Mphoto yake inali chakudya chaulere kuhotela, pokhapokha makolo onse awiri atabwera.

Ndimakumbukirabe nkhuku yootcha, tchipisi, ndi ayisikirimu wamitundu itatu m'kambale kagalasi. Titamaliza anatilowetsa m'chipinda chozizira, n'kutionetsa kanema pakhoma. Inali paki ya masewera kunja kwa mzinda, ulendo wa maola awiri pagalimoto. Munali kasitima kothamanga m'mwamba, malo otsetserekera m'madzi, ndi chigudumu chachikulu chonyamula anthu mpaka kuyandikira mitambo. M'kati mwa mpanda womwewo munali tinyumba toyera tamadenga ofiira. Bambo wina wogulitsa tinyumbato sanayambe ndi abambo ayi. Anagwada patsogolo panga ine, n'kundifunsa kuti pa tinyumbato ndakonda kati. Munthu wamkulu ndithu, wandevu zake, kugwadira mwana kuti alowe m'thumba la bambo wake! Mpaka lero ndikakumbukira mawondo a munthu ameneyu pakapeti paja, mtima umandiwira.

Zimene anati n'zamphindi zochepa zinatenga masana onse. Abambo akati aimirire, kunkabwera wina wamkulu kuposa woyambayo, n'kutsitsako mtengo, n'kunena kuti mwayiwu ndi wa lero lokha. Ndinamva abambo akunong'oneza amayi m'Chichewa kuti, "Tadya zawo anthuwa, tingochoka chonchi?" Ameneyo ndiye anali msampha wathu. Ife tinaleredwa kuti munthu amene wakudyetsa sumutembenukira msana. Amayi anangofunsa kamodzi kuti, "Nanga za chiliza zija?" Abambo anati, "Zimenezo ndi za Ogasiti. Uno ndi Febuluwale, ndalama zidzabwerera."

Chimene anagula sichinali nyumba. Anagula sabata imodzi pachaka m'kanyumba kamodzi, zimene eni ake ankazitcha taimusheya. Masabata ena onse kanyumbako kanali ka anthu ena amene sitidzawadziwa. Pamwamba pa mtengo wogulira panali ndalama yosamalira malo, yolipira chaka ndi chaka, upite usapite. Wogulitsa anati mwa masabata a holide ya sukulu yatsala imodzi yokha, ya nambala 33. Tsono ndani mwa ife amawerenga chaka ndi manambala a masabata? Ife timadziwa miyezi, timadziwa Lamulungu loyamba ndi lomaliza, timadziwa nthawi yokolola. Abambo anangomva mawu oti holide, n'kusaina. Amayi anasainanso pansi pawo, chifukwa mkazi woleredwa bwino sachititsa mwamuna wake manyazi pamaso pa alendo.

Mawa lake tinapita ku Rongai, kumene Amalawi tinkasonkhana kamodzi pamwezi kupemphera m'chinenero chathu. Mmalawi aliyense wokhala kunja amalidziwa funso lija, lakuti, "Nanga mwamanga?" Abambo linkawabaya funso limeneli, chifukwa kumudzi analibe ngakhale njerwa imodzi. Tsiku limenelo anayankha mokweza kuti tagula kanyumba kopumulirako, ndipo aliyense akhoza kudzatichezera. Anthu anawaombera m'manja. Nanenso kusukulu, aphunzitsi atatiuza kuti tilembe za banja lathu, ndinalemba kuti kuseri kwa nyumba yathu ina kuli sitima yoyenda m'mwamba. Anandipatsa nyenyezi yagolide, ndipo anzanga anayamba kundisungira malo pamzere wa chakudya.

Anali amayi amene anazitulukira, tsiku lina masana mu Meyi. Ndinawapeza ataima pakalendala, akuwerenga masabata ndi chala kuyambira Januwale, milomo ikugwedera. Atafika pa 33, chala chinaima pa bwalo lofiira lija. Anabwerera ku Januwale, kuyambiranso. Chala chinakaimanso pomwepo. Mkaka umene unali pamoto unasefukira, fungo lopserera linadzaza nyumba yonse, koma iwo sanatembenuke.

Abambo sanatekeseke. "Nkhani ya maliro aliyense amaimva," anatero. Kwathu n'zoona. Ukatchula maliro abwana amakumasula, wangongole amayamba wadikira, ngakhale mdani wako amavula chipewa. Anavala jekete, n'kunditenga pochokera kusukulu, kupita ku ofesi ya anthu aja ngati munthu wopita kukapepesa kwa eni nyumba. Anafotokoza zonse mwaulemu, za apongozi awo, za malo m'ndege amene anapezeka mochedwa, za chiliza. Mayi wa pa ofesipo anamvetsera mutu uli chopendekera, n'kunena kuti, "Pole sana, mzee," kupepesa m'Chiswahili. Kenako anatembenuza kompyuta yake. Kusintha sabata kunkafunika kunena chaka chathunthu chisanafike. Kubweza zimene unagula kunali kosatheka. Potuluka anawapatsanso envulopu, momwe munali kalata yoti ndalama yosamalira malo ilipidwe Julayi asanathe, apo ayi zonse zimene analipira kale zipita. M'galimoto abambo sanatsegule wailesi.

Anayesa kuimbira amalume kuti tsiku lisunthe. Foni anaiika pa sipika, choncho ndinamva yankho. Simenti inali itagulidwa, abusa atauzidwa, abale a ku Joni atapempha kale tchuthi. "Alamu," anatero amalume, "tsikutu limeneli tinaikira inuyo."

Pofika Julayi ndalama za matikiti atatu zija zinali zitamezedwa kale, ndipo zimene abambo anati zidzabwerera sizinabwerere. Zotsala zinkakwanira chinthu chimodzi chokha: tikiti imodzi ya amayi, kapena kalata ya m'envulopu ija. Apa mpamene pali nkhani yanga ndi abambo, ndipo ngakhale anakalamba tsopano, sindinaiiwale. Munthu wamkulu akalakwa amanena kuti ndalakwa, n'kusenza katundu wake. Iwo anabwera nayo nkhaniyo patebulo Lamulungu masana, tikudya mpunga ndi nyemba, n'kunena kuti, "Tisakangane. Mwana anene yekha. Iwe, ukufuna kumudzi kapena kupaki?"

Funsotu silinali loona n'komwe, chifukwa tikiti inali imodzi ndipo ine kumudziko sindikanapita. Koma mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, amene analonjeza kale kalasi yonse zithunzi za sitima ya m'mwamba, mukuti akanayankha chiyani? Ndinakuwa kuti, "Kupaki!" mpunga uli m'kamwa. Abambo anatambasula manja ngati munthu amene wagonja pa voti. Amayi anatenga kansalu, n'kundipukuta pakamwa pang'onopang'ono. "Mwana wanena," anatero. Kenako anatolera mbale.

Patapita masiku, mayi wina wa kumpingo wochokera kumudzi anabweretsa kaphukusi kochokera kwa amalume. Munali chitenje chobiriwira chamaluwa oyera, chimene akazi onse a m'banja mwathu anagwirizana kudzavala pa tsiku la chiliza. Amalume anali atagula kale cha mlongo wawo, ndiye anangoti chipite kwa mwini wake. Chinkanunkha utsi wa nkhuni. Amayi anachinunkhiza nthawi yaitali, n'kuchipinda osachichapa.

Amene amaudziwa Ogasiti wa kuno akudziwa kale chimene tinakachipeza. Kanema uja anajambulidwa dzuwa likuswa mtengo, koma ife tinafika kumwamba kuli phulusa lokhalokha, kamvula kakuwaza, mphepo yolowa mpaka m'mafupa. Kanyumba koyera kaja kankanunkha chinyezi, ndipo pachitseko cha kabati panali dzina la mwana wina lolembedwa ndi kirayoni. Madzi otsetserekera aja ndinalowamo kamodzi, n'kutuluka mano akugundana. Kasitima ka m'mwamba kanali kakukonzedwa sabata yonseyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komabe ndisaname, ine ndinasangalala. Pageti anandimanga kachibangili kachikasu kaja, ndipo ndinkakaonetsa kwa aliyense ngati wotchi yagolide.

Pa zaka zonse zimene abambo analipira ndalama yosamalira malo ija, tinabwererako kawiri kokha. Chaka china ndinali ndi mayeso, china abambo anali ku ntchito kumpoto, china ndinali nditakula moti chigudumu sichinkandipatsanso chidwi. Kalata yokha ndiyo sinkaphonya, ndipo chaka chilichonse inkabwera itanenepako. Atayesa kugulitsa sabata yawoyo, palibe anaifuna ngakhale yaulere. Mwezi wathawu ku Ruaka, kumene ndikukhala tsopano, mtsikana wina anatambasulira mwana wanga kakhadi kopala. Ndinamulanda mwanayo kakhadiko mwaukali moti mtsikanayo anabwerera m'mbuyo, ndipo ndinachita manyazi, chifukwa nayenso amangofuna ya minibasi. Mnzanga wa kuntchito anandifunsapo ngati zinthu zimenezi zili zaphindu. Ndinamuuza kuti akafuna kupita ndi ana kupaki, alipire pageti tsiku limene wafuna, abwereko. Munthu sudziwa kuti sabata imene wagula lero idzagwera pa chiyani.

Loweruka la bwalo lofiira lija linatipeza komweko. M'mawa amayi anatuluka m'chipinda atavala chitenje chobiriwira chija pamwamba pa diresi, ndi juzi yakuda. Abambo atawaona anati akukafunsa za galimoto, ndipo anasowa mpaka masana. Ine ndinawakoka amayi dzanja mpaka pa chigudumu. Anakana kukwera, n'kukhala pabenchi yonyowa pafupi ndi wogulitsa mbuliwuli. Cha m'ma teni foni yawo inalira.

Ndili pamwamba ndinkaona zonse, madenga ofiira, msewu wopita ku Nairobi, ng'ombe zooneka ngati nyemba. Pansi penipeni panali kadontho kobiriwira. Ndinakuwa kuti, "Amayi, tandionani!" Anakweza dzanja limodzi. Linalo linali litakanikiza foni kukhutu, mutu atawerama. Zinandinyansa kwambiri. Amayi a ana ena onse ankabayibitsa ndi manja awiri, ena kujambula, koma anga okha ndiwo anali pafoni.

Nditatsika ndinawapeza nkhope yonse ili misozi. Ndinaganiza kuti ankaopa kuti ndigwa, ndiye ndinawasisita paphewa ngati munthu wamkulu, n'kuwauza kuti asaope, chigudumuchi n'cholimba. M'foni muja munkamveka timawu tating'onoting'ono ta anthu ambiri akuimba nyimbo ya kutchalitchi, tikulimbana ndi chinyimbo cha pakiyo. Kunali amalume, ataima kumanda ku Dedza, atakweza foni m'mwamba kuti mlongo wawo amve. Zimenezi ndinadzazidziwa nditakula, monganso ndinadzadziwira kuti pa nthawi imeneyo n'kuti abusa akuyandikira kuchotsa nsalu pa chiliza, kuti dzina la agogo liwerengedwe pagulu.

Amayi anaphimba foni ndi chikhatho, n'kundifunsa kuti, "Wasangalala?" Ndinati eya, koma ndikweranso, ndipo ulendo uno andiyang'ane bwinobwino, abayibitse ndi manja onse awiri ngati amayi a anzanga. Anandiyang'ana kanthawi. Kenako anati, "Pita, mwanangu."

Chigudumu chitafika pamwamba ndinayang'ana pansi. Kadontho kobiriwira kaja kanali kataimirira, manja onse awiri ali m'mwamba. Ndinawawerenga, limodzi, awiri, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Sindinadzifunse n'komwe kuti foni ija yapita kuti.