Mutu wa Nsomba M'mbale ya Amuna Anga

Abale, mwaswera bwanji? Tamvani izi.

Lero kwathu kuno ku Woodbridge, ku America, kunabwera Mayi Luz, Mfilipino amene ankagwira ntchito ndi amuna anga, bambo a Chifundo, kubanki ku Foggy Bottom mumzinda wa Washington m'zaka za m'ma 80. Anatibweretsera nsomba ya msuzi wa bwemba, akuti sinigang ya kwawo.

Pogawa, mutu wonse anauika m'mbale ya bambowo osafunsa. "Paja mumayambira maso," anatero.

Bambowo anapukuta mbale n'kunena kuti, "Kukoma kwake sikunasinthe."

Sikunasinthe kuyambira liti? Zaka zonse zija ndinkalawirira kuwaphikira chambo chouma chimene amayi ankanditumizira kuti bambowo akadye kuntchito, iwo n'kumabwera nacho madzulo osachikhudza, ati ntchito inachuluka.

Kwathu mutu wa nsomba umapatsa mwamuna wako. Achemwali, kwa Afilipino amapatsa ndani?