Sikirini ya a Mwale

Agogo anga aamuna akandibwerera m'maganizo, chimayamba kundipeza ndi fungo la mtovu wosungunuka, losakanikirana ndi la fodya wouma m'zigafa limene mphepo inkabweretsa pa Santhe mvula ikamatha. Ankakhala pakhonde la kanyumba kawo kuseri kwa msika, chitsulo chowotcherera mawaya chili pa mbaula, mawailesi otsegula ali mbwee patebulo, kwinaku mabelu a njinga akulira mumsewu. Anthu ankawatcha a Mbewe a mawailesi. Ine ndinkakhala nawo chimwalirireni bambo anga, ndipo tonse awiri tinkadya za patebulo lomwelo.

Ndili Sitandade 8, zaka zija za makuponi a feteleza, ndinaona kuti agogo asintha. Wailesi ikabwera ankaigwedeza pafupi ndi khutu, n'kuinunkhiza. Ikafuna ntchito ya tinthu ting'onoting'ono ankangoti, "Chipangizo chake n'chosowa, mudzabwere mwezi wa mawa."

Tsiku lina a Mwale, mlembi wa kalabu ya alimi a fodya, anafika atamanga katundu pa kaliyala, atamufunditsa bulangete. Inali kompyuta yakale imene anaipeza esiteti ina ikutsekedwa, sikirini yake ya chimsana chachikulu ngati wailesi ya kanema. Agogo atailumikiza kumagetsi, panangotuluka kamzere kamodzi koyera, kopingasa pakati pa galasi.

"Kamzere kokhako, a Mbewe. Kwina konse mdima," anatero a Mwale.

"Mumaisunga kuti?"

"Kuchipinda, pamwamba pa matumba a feteleza. Akuba achuluka. Chinthu chofunika chimagona pamodzi ndi mwini wake."

"Dzinja lonse?"

"Eya."

"Ndiye mumati mukaithira yureya ibereka ana?" Agogo anaseka. "Feteleza amatuluka thukuta, a Mwale, ndipo mchere wake umadya mawaya."

A Mwale anati abweranso Lachisanu. Ikakanika, aipereka kwa mnyamata wina amene anali atangotsegula shopu pafupi ndi depoti.

Atachoka, agogo anamasula chivundikiro chakumbuyo. "Dzanja limodzi m'thumba, Limbani. Ichi chimasunga moto ngakhale chitazimitsidwa." Anamanga waya ku sikuludiraiva, n'kuilowetsa pansi pa kamphira kamene kamamatira pamsana pa galasi. Kunamveka thwa! Kenako anatsuka dzimbiri lobiriwira ndi mswachi woviika mu sipiriti. Anatenga bolodi la mawaya ang'onoang'ono lija n'kuliyandikitsa kumaso. Anapita nalo padzuwa, anabwerera, anakhala pansi nthawi yaitali.

"Tilowetse m'nyumba. Utseke chitseko."

Titalowa anandigwira pamkono.

"Maso anga apita. Ndikungoona ngati utsi. Izi zikhale za iwe ndi ine, wamva? Anthu akadziwa, tebulo lija latha."

"Ndamva, agogo."

Tinagwira masiku atatu, ndikaweruka kusukulu. Iwo ankanena, ine n'kumayang'ana. "Tsata mawaya anayi ochokera pakhosi pa galasi. Awiriwo akukathera pati? Usathamange, ukuthawa ndani?" Tsiku lachitatu ndinapeza kanjira ka mkuwa katadyeka, kataduka pawiri. Anandipatsa chitsulo chamoto, chinthu chimene sankalola munthu wina kuchigwira. Ndinapsa chala, ndinayambiranso, mpaka ndinalumikiza ndi kawaya kochotsa mu wailesi yakufa.

Titayatsa, kamzere kaja kanatambasukira m'mwamba ndi pansi, zilembo n'kuoneka.

"Chatani?"

"Chayaka, agogo. Chonse."

Anaika chikhatho pagalasi, likuthetheka pang'onopang'ono. "Eya, ndachimva," anatero.

Lachisanu a Mwale anabwera ndi anzawo awiri a kukalabu. Ataona zilembo anaomba m'manja.

"Mkuluyu ndi wina! Anyamata a masiku ano angamuthe? Maso ngati a mphamba!" anatero a Mwale.

Agogo ankangomwetulira. Ine chala chinali chikundiwawabe, ndipo palibe amene anandiyang'ana. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi.

"Ndawotcherera ndine," ndinatero. "Agogo saonanso bwino."

A Mwale anatsokomola, anafunditsa sikirini yawo bulangete, n'kuimanga pa kaliyala mosamala kwambiri. Anatsanzika mwaulemu.

Sabata isanathe anthu anayamba kubwera kudzatenga mawailesi awo. Palibe amene ananena chifukwa. "Tingoitenga kaye, agogo, ana akuifuna kunyumba." Ena ankadikira kuti agogo atuluke, n'kudzanditsina khutu kuti ndiwatengere. Pamene malole ankanyamula mabelo a fodya omaliza, patebulo panali patatsala fumbi ndi timisomali. Komabe m'mawa uliwonse agogo ankakoleza mbaula, n'kuikapo chitsulo chija, n'kukhala akumvetsera njinga zikudutsa.

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandimenya. Tsiku lina ndinagwada pambali pa mpando wawo ndi kuwapepesa. Anafufuza mutu wanga ndi dzanja mpaka anaupeza.

"Sunaname, mwana wanga," anatero. "Koma ndinakupempha."

Chaka chomwecho azakhali anabwera kudzawatenga, anapita nawo kumudzi ku Chisemphere, kumene kunalibe magetsi. Ine ndinapita kwa amalume kukapitiriza sukulu. Agogo anamwalira patatha madzinja awiri, ndili Fomu 2, ndipo ndinafika atatseka kale bokosi.

Lero ndimakonza mafoni ndi mawailesi a kanema pa boma. Ndikathetsa ntchito yovuta, mwini wake n'kuthokoza mnzanga amene timagwira naye, ndimangopitiriza zimene ndikuchita. Zimenezo sizindiwawa. Chimene chimandiwawa n'chakuti mawu aja a agogo, akuti anandipempha, ndimawamvabe zaka zonsezi.