Mapatapata a Jenerali wa M'mapiri

A Yesaya Yobu sanagwirepo mfuti chibadwire, koma komboni yonse ya Chinengundu, ku Chegutu, inkawaitana kuti Jenerali. Anabadwira m'komboni ya mgodi kufupi ndi Kadoma, ku Zimbabwe. Bambo awo, ochokera ku Ntcheu, anafa ndi chifuwa cha fumbi la pansi, ndipo a Yesaya analumbira pamanda kuti iwo kumgodi sadzalowako. Anakagwira ntchito pa fakitale ya nsalu ku Chegutu, n'kukwatira Mervis, n'kubereka mwana mmodzi, Ivy. Makina atasiya kulira, lumbiro lija linayamba kuwalemera.

Dzina la Jenerali linabwera ndi chipewa. Mervis anachipeza pamabhero, pa mulu wa zovala zakunja: chotuwa, chokhala ndi kaduwa kachitsulo pambali. Lamulungu lina, Misa itatha, wansembe wokalamba wa ku Jeremani anaima n'kuchiyang'anitsitsa.

"Bambo Yobu, mukudziwa chimene mwavalachi?"

"Chipewa, Abambo. Anasankha ndi amayiwa."

"Duwali limamera pamwamba pa mapiri akwathu. Amavala ndi asilikali a m'mapiri. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, mkulu wawo anali ndi udindo wakewake, Jenerali wa Asilikali a M'mapiri. Udindowo unatha ndi nkhondoyo."

"Ntchito yake inali yotani?"

 "Kukwera ndi ana a eni, n'kutsika nawo. Ambiri sanatsike nawo. Ena anatentha midzi ya anthu osalakwa. Si dzina lolinyadira ayi."

Amuna amene anali pafupi anangomvapo za ujenerali, n'kuyamba kuwachitira sawasha a Yesaya uku akuseka. Koma Mervis anaona kuti mwamuna wake watola mawu ena. Njira yonse yobwerera kunyumba a Yesaya ankangobwereza za ana a eni aja.

Njala itakula, a Yesaya anaphwanya lumbiro. Pakati pa Chegutu ndi Kadoma pali kaphiri kodzaza ndi maenje a mgodi wakale, ndipo anthu ofuna golide, amene kuno timati makorokoza, ankakanganirana kumeneko ngati nyerere. Poti anali wamkulu, komanso wosamwa, gulu lina linawasankha kukhala woyang'anira dzenje. Iwo anaika lamulo limodzi. Aliyense wotsika avale majombo, koma mapatapata ake awasiye pamwala wa pakamwa pa dzenje. Akatuluka awatole yekha. Malinga pamwalapo patsala mapatapata, ndiye kuti pansi pali munthu, ndipo palibe wochoka paphiri.

"Mudhara, inu ndi mapatapata anuwa!" ankatero anyamata. "Jenerali wa nsapato zakubafa!"

"Seka, mwana wanga. Tsiku lina mayi ako adzandifunsa kuti uli kuti."

Zaka zinapita, maenje ena akumeza anthu, koma la a Jenerali silinasunge munthu. Mervis ankaphika sadza, nsima ya kuno, ndi matemba m'kachisakasa m'munsi mwa phiri. Dzuwa likamalowa ankaona chipewa chotuwa chikutsika pambuyo pa onse, mtima n'kukhala pansi.

M'gululo munalowanso Kudzai, mkamwini wawo, mwamuna wa Ivy. Anali wanyonga, wosachedwa kuseka, womva Chichewa koma woyankha m'Chishona. A Yesaya ankamukonda, ngakhale ankati ali ndi miyendo yothamanga kuposa mutu. Nthawi imeneyo Ivy anali woyembekezera.

Tsiku lija mvula inabwera masana, yochokera cha ku Mubaira, yakuda bii. Mervis anaphimba mapoto n'kukwera phiri kukapereka jasi kwa mwamuna wake. Anapeza amuna akupukusa chingwe mwachangu, madzi ofiira akutsetserekera m'dzenje. Anthu ankatuluka mmodzimmodzi, aliyense n'kutola ake. Chingwe chitabwera chopanda munthu, pamwala panatsala mapatapata obiriwira, lamba wake womangidwa ndi waya.

Mervis anawazindikira. Waya uja anamanga ndi Ivy.

"Kudzai!" a Yesaya anakuwa atagwada pakamwa pa dzenje. Kunangomveka madzi. Filimoni, amene ankagwira chopukusira chingwe, anamuimbira foni, koma inali yozima.

"Analowera ngalande ya kumanzere," anatero wina. "Sindinamuonenso."

A Yesaya anavula mapatapata awo akuda n'kuwaika pambali pa obiriwirawo. Anayamba kuvala majombo.

"Bambo a Ivy," anatero Mervis, atawagwira malaya. "Nthakayi yamwa madzi. Dikirani ikate."

"Ikakata tikatola mtembo."

"Tumani mnyamata."

"Mwana wa yani?" Anamuyang'ana mofatsa. "Amake Ivy, ukufuna ndikamuuze chiyani mwana wathu? Kuti ndinaona mapatapata a mwamuna wake, ine n'kupita kukadya sadza?"

Mervis anasiya malaya. A Yesaya anamupatsa chipewa kuti asunge, n'kukhala pathabwa la chingwe. Filimoni anapukusa pang'onopang'ono. Mervis anayamba Tikuoneni Maria, koma mawu ankangozungulira pamodzimodzi. Kangapo anamva mawu a mwamuna wake akuitana mkamwini, akunka nachepa. Kenako phiri linabuula. Sikunali phokoso lalikulu. Pansi panangogwedera ngati galimoto yolemera yadutsa, m'dzenje n'kutuluka mpweya wonunkha dothi. Filimoni anapukusa chingwe, chinakana.

Anakumba mvula ili pamsana, ndi mafosholo, ndi manja. Amuna a maenje ena anabwera osaitanidwa. Mervis anakhala pamwala paja, chipewa pachifuwa.

Mvula itakata, dzuwa lisanalowe, munthu anatulukira m'njira yozungulira phiri, majombo ali matope okhaokha, akudya chimanga chootcha. Anali Kudzai. Madzi atamutsekera njira, anakwawa m'ngalande yakale n'kutulukira kuseri kwa phiri, kenako anathamangira kukabisala pakhonde la sitolo. Tsopano ankabwera kudzatenga mapatapata ake.

"Ko, chii?" anafunsa m'Chishona kuti kwagwanji, akuyang'ana khamulo.  Anayang'ana pamwala, anaona obiriwira ndi akuda ali pamodzi, chimanga chinagwa.

Filimoni ananyamula fosholo kuti amukanthe. Mervis anaimirira pakati pawo.

"Musiye. Dzenje limodzi latikwanira." Anatembenukira kwa mkamwini wake. "Atate, tolani anuwo. Mwatuluka."

Kudzai anagwada, anawatola, n'kuyamba kulira ngati mwana. Kenako analanda fosholo ija n'kulowa pakati pa okumba.

Pamwala panatsala akuda okha, ndipo palibe anachoka paphiri. Amayi a kutchalitchi anakwera ndi nkhuni ndi ufa, nagona pomwepo akuimba. Ivy anabwera ndi pathupi pake, nakhala pambali pa mayi ake. Dothi linkabwerera pomwe alichotsa. Manja a Kudzai anang'ambika, anawakulunga nsanza, osalola kupumula.

Patapita masiku anawapeza a Yesaya pamphambano ya ngalande ya kumanzere, nkhope italoza komwe ankaganiza kuti kuli mwana wa eni. Anawakweza ndi chingwe chomwe chija, atawakulunga bulangete. Mervis anawavula majombo yekha, anawapukuta mapazi ndi chitenje chake, n'kuwaveka mapatapata akuda. Pamwala panayera.

Anayang'ana amuna aja, otuwa ndi dothi, maso ali gwa.

"Mwakwana nonse," anatero. "Tsikani."

Anatsogoza onse, onyamula maliro n'kubwera pambuyo.