Mwini Nyumba Amagona Kuti?

Loweruka lapitali ndinalowa kuchipinda kwa munthu wamkulu, mwiniwake akuona, ndipo sindikupepesa.

Nkhani yake ili motere. Zakariya, mwana wa mlongo wanga, wabwera kuchokera ku Halale ndi makina osokera. Akufuna kukhala pa tauni ya Vila, pafupi ndi makantina, pamene zosoka sizisowa. Mkazi wake Nabanda ndi woyembekezera, ndipo mwana adzabadwa mvula itakhazikika. Tsono Zakariya anamva kuti a Jere akugulitsa nyumba, akubwerera kwawo ku Domwe. A Jerewo ndi apadirinyu ake, amene anamuimirira pa ubatizo.

"Amalume, tiyeni mukangoiona," anatero. "Zonse tinamvana kale."

Tinafika. Nyumba yoyera mbee, njereza yake ya dzulodzuloli, khonde lozira bwino. Anatiyalira mphasa, tinaomba m'manja, tinafunsana za kumudzi, za mbatata, za chifuwa chimene chavuta ana chaka chino. Dzuwa linapendeka tikadali pakhonde. Zakariya anasuzumira pabalaza kamodzi n'kunena kuti, "Ndi yabwino, apadirinyu." Kwa iye kuona nyumba kunathera pamenepo.

Ine ndinadzuka. Ndinazungulira kuseri ndikugogoda khoma ndi ndodo, ndipo linalira bwino. Maziko ouma. Pabalaza ndinabaya mapaso ndi mpeni, onse olimba. Panatsala chitseko chimodzi, chomanga ndi luzi.

"Bambo, mundilole ndione kuchipinda."

Pakhonde paja Zakariya anazyolika ngati wataya singano.

Ndikukumvani, owerenga. Mukuti mkulu ameneyu alibe mwambo, kuchipinda kwa eni salowako. Inenso ndinakulira momwemo, ndipo kwa apongozi anga sindinapondeko ngakhale pachiwundo. Koma mwambowo unabadwa nyumba zisanayambe kugulidwa. Kale munthu ankadula yekha mitengo, kuphoma yekha, kufolera yekha, ndipo phaso lililonse ankalidziwa kumene linachokera. Lero anyamata obwera ku Joni ndi ku Halale akugula nyumba zomanga ena, koma amapita kokagula ngati akupita kukapereka moni.

Taonani mmene timagulira ng'ombe. Timaikanula kukamwa, timaiyendetsa, timaikweza mchira, mwiniwake ali pomwepo, ndipo palibe amakwiya. Mayi pamsika sanyamula mphika asanaugogode. Nanga nyumba, mogona ana athu, tiigule titapinda miyendo pamphasa?

Ndiye ndimvereni. Njereza yatsopano muziifunsa chimene yaphimba. Pozira dzulo muzipondapo ndi chidendene, mumve ngati pansi pali mphako. Mapaso ndi mitanda si zoona ndi maso, chiswe chimadya mkati n'kusiya khungu. Ndipo mwezi uno wa dzuwa palibe nyumba yodontha, choncho yang'anani pansi pomwe madontho anakumba chaka chatha. Koposa zonse lowani paliponse. Chipinda chimene akukuletsani ndi chomwecho mudzagonemo.

Tibwerere pakhonde paja. A Jere anadzuka n'kumasula luzi okha.

Mkati munali mdima ndi fungo la chinyontho. Maso atazolowera ndinaona mtanda waukulu wa denga utapindika pakati, utachirikizidwa ndi mtengo wa mphanda. Ndinaubaya. Mpeni unalowa ngati m'dzungu lophika, dothi la chiswe n'kundithira kumaso. Koma chimene chinandiuza zonse si mtandawo ayi. M'chipindamo munalibe kama. Pansi panangotsala timaenje pomwe miyendo yake inkaponda.

"Bambo, inu mumagona kuti?"

Anayankha ndi akazi awo, mayi Nangozo, ataima pakhomo, akuloza kanyumba kophikira.

"M'kuzinya umo, achimwene. Chichokere dzinja latha. Ndidakana ine, ndidati sindingafere pansi pa mtengo umenewu. Ndidawauza abambowa kuti mumuuze mwanayu, koma iwo akuti ayambira pati."

Musafulumire kuwatcha akuba a Jere. Ndinaona nkhope yawo, ndipo ndinawamvera chisoni. Manyazi omwe anamanga pakamwa pa Zakariya ndi omwenso anamanga pakamwa pawo. Mwana sakanafunsa apadirinyu ake, apadirinyu sakanaulula kwa mwana wawo kuti nyumba yawagonjetsa. Amuna awiri aulemu, opita ku misa limodzi, akanagoneka mayi wapakati pansi pa denga limene eni ake analithawa. Udzu ukanyowa umalemera, ndipo mvula ya kuno mukuidziwa.

Tinamvana kuti a Jere asasule denga la chipindacho, aike mtanda wina, akumbe chiswe kumene chikuchokera. Zikatha ndidzabweranso ndi mpeni wanga womwewu, ndiye tidzakambe za malonda.

Pobwerera Zakariya ankayenda patsogolo, osacheuka. Tili pafupi kufika anatulutsa mawu.

"Amalume, mwandivula pamaso pa apadirinyu. Ndidzawayang'ana bwanji kutchalitchi?"

"Udzawayang'ana ndi maso omwewo," ndinamuyankha. "Ukanamuyang'ana bwanji mlamu wako, utamutumira uthenga woti mlongo wake denga lamugwera?"

Mpaka lero moni wake ndi wa pakamwa chabe, ndipo zimandiwawa, poti mwanayu ndinamulera ndine. Koma dzulo Nabanda anabwera yekha ndi lichero la nyemba, n'kulitula pakhomo panga osanena chifukwa chake.

Inu amene mwaloza kale nyumba ya wina, khoma mwaligogoda, njereza mwaisirira, mphasa mwakhalapo. Kodi mwafunsa kumene mwiniwake amagona?