Madala Zuze ndi Ngalande ya Akhonsolo

Ndikakumbukira madala Zuze, ndimamva fungo la vanishi ndi utuchi wa paini, ndiponso kulira kwa sowo komwe kunkatidzutsa m'mawa uliwonse kupatula Lamulungu. Ankakhala kuseri kwa nyumba yathu ku Ndirande, bambo wamtali wa ku Nsanje, pensulo pakhutu, kolona m'khosi. Ntchito yawo inali kukhoma mabokosi a maliro. Shedi yawo inali m'mbali mwa msewu wotsikira ku siteji, ndipo mabokosi okhomakhoma ankawaimika mkati, chakumdima, osati panja ngati mipando. Galimoto ikaima, iwo ankavula chipewa n'kudikira kuti wobwerayo ayambe yekha kulankhula.

Ndili Sitandade 5, akhonsolo anatseka msewu uja kuti aike kalavati watsopano. Anakumba ngalande yakuya yodula msewu wonse, n'kuimikapo migolo iwiri, nati ndi ntchito ya masabata atatu. Mvula itayamba, kontrakitala anachotsa makina ake ndipo sanabwerenso. Ngalande inadzaza madzi, majumbo ndi achule, m'mbali mwake mukugumuka tsiku ndi tsiku, mpaka thabwa lomwe anthu anagonekapo kuti aziwolokera linagweramo.

Njira yotsala inali kakhwalala kodutsa pakhomo pa mayi wina, aNagama, pakati pa bafa lawo ndi chingwe choyanikapo zovala. Aliyense ankadutsa pomwepo, wa ufa, wa makala, ngakhale wokoka mbuzi. Koma tsiku lomwe amuna anayi anatulukira ndi bokosi pamapewa, aNagama anaponya tsache pansi n'kuima pakati pa njira.

"Muli ndani mmenemo?"

"Mulibe munthu, mayi. Thupi tikukatenga ku mochale."

"Ndiye lopanda munthu lidutse pakhomo panga, likufuna ndani? Ine ndili ndi ana. Bwererani."

A Zuze sanakangane nawo. Nkhaniyo inafala, ndipo oferedwa anayamba kukagula kwina komwe galimoto imafika. Mabokosi anachita fumbi mu shedi, sowo inkalira mwa apo ndi apo, ndipo mwini malowo anayamba kubwera ndi anthu achilendo n'kumawaonetsa kukula kwa shediyo.

Amalonda a mumsewu wathu anaitanitsa khansala. Msonkhano unachitikira pabwalo la sukulu, ife ana titakhala pampanda. Wa butchala ananena za nyama yomwe ikuwonongeka. Wa chigayo anati amayi akukagayitsa kutsidya. Wa golosale anati galimoto ya buledi inasiya kubwera, ndipo analankhula nthawi yaitali mpaka anamukoka malaya. Aliyense ankamaliza chimodzimodzi, kuti makasitomala atha. Kenako a Zuze anaimirira. Asanatsegule pakamwa, wakabaza wina anakuwa kumbuyo.

"Eya madala, nenani! Tife angati kuti geni iyende?"

Anthu anafa nacho chiseko, khansala nayenso anabisa pakamwa ndi fayilo. A Zuze anadikira kuti phokoso lithe.

"Ine ndilibe dandaulo, a khansala. Ndimangofunsa tsiku lomwe msewu utsegulidwe."

Khansala anati nkhaniyo ili m'manja mwa akuluakulu. A Zuze anakhala pansi.

Sabata yotsatira anafika pakhomo pa aNagama atasenza matabwa opalapala, odulidwa kale, omanga pamodzi ndi chingwe.

"Mayi, kodi awa ndi chiyani?"

ANagama anayang'ana kutalika kwa matabwawo, kenako anayang'ana a Zuze.

"Matabwa."

"Adutse?"

"Matabwa ndi matabwa, bambo. Dutsani."

Kuyambira pamenepo ankacheka ndi kupala mu shedi, n'kukakhomera kutsidya kwa ngalande, pansi pa mtengo wa mango pomwe magalimoto ankatembenukira. Oferedwa anayambanso kubwera, mmodzimmodzi.

Loweruka lina masana kunabwera lole ya akhonsolo omwewo, yothamangitsa ochita malonda m'misewu. Amayi a tomato anabalalika ndi mabeseni awo. A Zuze sanasunthe, chifukwa bokosi linali lisanathe, ndipo pambali panaima bambo yemwe mwana wake wamkazi ankadikira ku mochale. Asilikali a khonsolo analizungulira bokosilo kawiri, koma panalibe wofuna kuligwira. Ndiye anatenga hamala, sowo ndi chikwama chonse cha zipangizo n'kuponya mu lole.

"Mukatenge ku ofesi, madala. Pano si pamsika."

"Msika wake munakumba ndinu," anatero mayi wina wa tomato, ataima patali ndithu.

Lole itapita, a Zuze anatola misomali m'fumbi, anatsikira m'ngalande kukasankha mwala, n'kumaliza nawo ntchito. Zinatenga nthawi, ndipo chala chimodzi chinatuluka magazi. Atatha anagwada, anapukuta dzanja pabuluku, n'kuyendetsa chikhatho mkati mwa bokosi, ngodya ndi ngodya. Pomwe anapeza nsonga ya msomali anaiphwanya ndi mwalawo. Kenako anaimirira.

"Tengani, bambo. Pepani."

Linali bokosi lawo lomaliza. Ku ofesi anapitako kawiri, zipangizo sizinapezeke. Shedi inapatsidwa wina, iwo anabwerera ku Nsanje, ndipo msewu unatsegulidwa atachoka kale. Sindinamvenso za iwo.

Mkazi wanga anamwalira chaka chatha, titakhala m'banja zaka ziwiri. Alamu anga anati ndikhale pansi, akagula okha bokosi, koma ndinakwera nawo galimoto. Tisanatsike n'komwe, anyamata ogulitsa anali atatizinga kale, aliyense akuloza lake. Ndinasankha loyera. Ndinagwada ndi jekete langa n'kulowetsa dzanja mkati, ndipo chakumutu ndinapeza nsonga ya msomali.

"Achimwene, tiikamo nsalu mmenemo," anatero wogulitsa. "Siuoneka."

"Ndibwerekeni hamala."

Anayang'ana alamu anga, kenako anandipatsa. Ndinamenya katatu, ndinayendetsanso chikhatho mpaka kumapazi, ndipo ndinawauza alamu kuti tinyamule.